Lekani ana asandutse Kaunda kukhala Kamuzu

Tengani 10 ngwee yakale, ija ya 1968 ya nkhope ya Kenneth Kaunda, muisanjike pa 10 tambala ya ku Malawi ya 1971 ya nkhope ya Kamuzu Banda. Zimalingana ndendende, palibe yotulukira m'mbali. Tsinzinani, wina akuikeni imodzi m'dzanja: simudzadziwa ngati mwafumbata Kaunda kapena Kamuzu. Palibe mankhwala apa. Maiko awiriwa anachokera m'thumba limodzi la Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinatha mu 1963, ndipo pamene lililonse linapanga kwacha yake, Zambia mu 1968 ndi Malawi mu 1971, onse anasunga msinkhu wa sheleni ya Mngelezi, mamilimita 23.6 m'mimba mwake. 20 ngwee ndi 20 tambala nazonso ndi mapasa, zinatengera kobiri la masheleni awiri.

Mwana amene wadziwa zimenezi, naphunzira kubisa kobiri limodzi m'chikhatho, akhoza kuonetsa anthu nkhope ya Kaunda, kufumbata, kuuzira mpweya, potambasula dzanja n'kupezeka Kamuzu. Ku Cape Town mwana wotere amamuombera m'manja. Kuno kwathu ku Chadiza, dzuwa lisanalowe amai ake amakhala atalandira kale alendo awiri: wina wodzawachenjeza kuti mwana wayamba kuyenda ndi anthu oipa, wina wodzafunsa monong'ona ngati mwanayo angachulukitse ndalama za fetereza. Onse awiri alakwa mofanana, ndipo ife tatopa nawo. Tikunena poyera kuti masewera a makobiri, amene achinyamata mumawatcha majiki, ayenera kuphunzitsidwa masana, pabwalo, agogo ali pomwepo. Amene amawaletsa m'dzina la kupemphera kapena la mwambo akuthandiza akuba, ngakhale iwo eni sakudziwa.

Poyamba tifotokoze chifukwa chake makobiri awiriwo ayenera kulingana, pakuti chinsinsi chonse chagona pamenepo. Diso limathamangira mtundu ndi chithunzi. Dzanja lilibe nazo nchito zimenezo, limangodziwa kukula, kulemera ndi m'mphepete. Wamajiki amakuonetsani kobiri loyera, nati tambasulani dzanja. Pamene akukupindani zala, limene walowetsa ndi lofiira lija linali chibisalire kuseri kwa zala zake, loyera latsala kwa iye. Inu mukulimva kuzizira m'chikhatho, mukhoza kulumbira pali malemu atate anu kuti ndi lomwe lija munaona. Amakuchedwetsani pang'ono ndi nkhani, kuti muiwale zoti anakugwirani dzanja. Mukatambasula, mukuwa. Koma likanakhala kuti lina ndi lalikulu ngati chivundikiro cha botolo, lina laling'ono ngati batani, chikhatho chanu chikanamugwira bodza asanayambe n'komwe. N'chifukwa chake anthu a luso limeneli amavutika kusakasaka makobiri a maiko osiyana, osiyananso mtundu, koma ofanana msinkhu.

A ku America anapeza kale mapasa awo. Amatenga theka la dola, loyera, la mamilimita 30.6, nalikwatitsa ndi peni yakale ya ku England, yofiira, imene inaleka kugwira nchito mu 1971, yoposa mnzakeyo ndi kachidutswa chabe ka milimita. Pa masewera ena otchedwa Scotch and Soda amaphatikiza theka la dola lomwelo ndi 20 centavos ya ku Mexico, ndipo ena amaonjezapo kobiri la ku China la chibowo pakati. Mavidiyo ambiri amene mumaonera pa YouTube ndi TikTok amagwiritsa nchito makobiri amenewa, ndipo apa m'pamene anyamata athu ena amasokonekera. Amayesa kuti popanda theka la dola palibe majiki. Timawamva akufunsana za kuitanitsa pa intaneti kabokosi ka makobiri kuchokera ku China kapena ku America, kulipira madola, kulipiranso wonyamula, kudikira mwezi wathunthu kuti kafike ku Lusaka, kenaka kakwere basi ya ku Chipata. Zonsezi kuti aonetse anthu a pa Chadiza nkhope ya John Kennedy, imene palibe akuidziwa. Kobiri lachilendo kotheratu limapha masewera: woonerera amangoti n'lopangidwa mwapadera, nachokapo. Chimene chimamugwetsa munthu pansi ndi kuona ndalama imene amagulira zitumbuwa tsiku ndi tsiku ikusanduka m'dzanja lake lomwe.

Ndipo pa nkhani ya makobiri osakanizika, ife a m'malire ndife olemera kupambana wa ku New York. Kum'mwera kwathu ndi Mozambique, mathiraki amadutsa pa Chanida kulowa ku Cassacatiza mpaka ku Tete ndi ku Beira. Kum'mawa, kupyola Vubwi, amene anali mbali ya boma lathu lino mpaka 2012, ndi Malawi. M'midzi yambiri muli wina amene anapitako ku Johannesburg kapena ku Harare. Yesani nokha. 50 ngwee ija inabwera pa 1 Januwale 2013, pamene Bank of Zambia inadula maziro atatu pa kwacha, yofiirira, ya njovu, ndi ya mamilimita 21. 1 metical ya ku Mozambique ya 2006, yoyera, ndi ya msinkhu womwewo. Chofiira ndi choyera, ndiye zija a ku America amalipirira madola. K1 ya mbalame, ya mamilimita 24, imakhalirana bwino ndi 2 meticais ya nsomba: mbalame isanduke nsomba, nkhani yake mwana wa giredi 3 akhoza kuipeka yekha. 10 ngwee yachikasu ya nchefu ili ndi mnzake, R1 ya ku South Africa. Ofuna la chibowo asavutike ndi China. Peni ya Chitaganya, ya njovu ziwiri zoimirira, inali ndi chibowo pakati, ndipo agogo ena anaisunga pa chingwe pamodzi ndi makiyi.

Manambala amenewa musawaloweze ngati katekisimu. Makobiri amadyeka ndi kuyenda, ndipo maiko amasinthasintha: South Africa inatulutsa ena mu 2023, Mozambique mu 2024, ife mu 2025. Yesani ndi dzanja. Sanjikizani awiri, muyendetse chikhadabo cha chala chachikulu m'mbali mwake. Chikakodwa, ndiye kuti sakulingana. Rula ya pulasitiki imanama pa theka la milimita, koma m'chipinda cha sayansi pa sukulu ya sekondale muli kachipangizo kotchedwa vernier caliper, kamene nthawi zambiri kamangogona m'kabati kudikira mayeso. Onaninso kunenepa kwake ndi m'mphepete, chifukwa ena ali ndi timizere, ena ndi osalala, ndipo chala chimazindikira zimenezi msanga kuposa diso. Agwetseni pa simenti mumve kulira kwake: awiri olira mosiyana adzakuululani akagundana m'dzanja. Kenaka tengani maginito a m'sipika ya wailesi yakufa. Makobiri ambiri a masiku ano ndi chitsulo chongokutidwa pamwamba, amakakamira. 10 ngwee ya Kaunda ya 1968 sikakamira. Mwana amene wafika pamenepa waphunzira kuyeza, mitundu ya zitsulo ndi mbiri ya maiko anayi, popanda womukwapula.

Kowapeza n'kosasowa. Mabanki salandira makobiri akunja, osintha ndalama a pa Mwami ndi pa Chanida nawonso amafuna mapepala, choncho makobiri amangounjikana kumene anagwera: m'chitini cha mabatani cha telala, pa dashibodi ya dalaivala wa thiraki, pansi pa sutikesi ya amalume aja anabwera kuchokera ku migodi. Funsani msungichuma wa mpingo uliwonse wa kufupi ndi malire. Ali ndi kathumba ka matambala ndi masentavo amene Akhristu anaponya m'mbale ya chopereka nkhope ili yowala, ndipo sadziwa chochita nako. (Ena mwa amene amatiuza kuti majiki ndi chinyengo ndi omwewo anaponya.) Kumapeto kwa Ogasiti, pa Kulamba ku Mkaika, Achewa a maiko atatu amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi, aliyense ndi chenji cha kwawo m'thumba. Palibe sitolo ya majiki imene ingakupatseni mpata wotere.

Tsopano tibwere kwa otsutsa. Oyamba ndi aja akuti zonsezi ndi ufiti, kapena mawu okondedwa a masiku ano, usatana. Pa mapulogalamu oimbira foni pa wailesi timawamva kawirikawiri: ngati si mizimu, kobiri lapita kuti? Lapita pakati pa chala chamkombaphala ndi chapakati, amalume, ndipo mukalola tikuonetsani. Vuto ndi lakuti salola. Amati kungoyang'ana komweko n'kutsegulira mdyerekezi khomo. Mkangano umenewu si wa lero, si wa Achewa okhanso. Mu 1584 ku England, nthawi imene amai okalamba osauka ankanyongedwa pa milandu ya ufiti, munthu wina wa ku Kent, Reginald Scot, analemba buku lotchedwa The Discoverie of Witchcraft. M'bukumo anafotokoza mwatsatanetsatane mmene anthu a masewera a m'misika ankasowetsera makobiri, timipira ndi makhadi, pofuna kuti oweruza ndi anthu wamba aone kuti si chodabwitsa chilichonse chimachokera kwa Satana, aleke kupha nkhalamba. Ndiye kuti limodzi mwa mabuku oyamba a Chingelezi ophunzitsa majiki linalembedwa pofuna kupulumutsa agogo a anthu. Papita zaka zoposa 400, ife tikali kukangana ngati n'kololedwa kuyang'ana.

Tikunena izi chifukwa cha chitaka. Inu a m'tauni musanamizire kusachidziwa. M'tuntemba ta ku Kapata ndi ku Chawama momwemo muli makala, tsabola ndi singano m'chitini cha ndalama. Chikhulupiriro n'chakuti munthu amabwera kudzagula kanthu kakang'ono ndi ndalama yokhwimira, ndipo ndalamayo ikalowa m'chitini imakoka zinzake kubwerera nazo kwa mwini wake. Madzulo wogulitsa awerenga, ndalama zaperewera, mlandu watha: chitaka. Ife sitikana kuti ndalama zimasowa. Zimasowadi, ndipo misozi ya mai amene wataya K200 ya mpamba ndi yeniyeni. Chimene tikukana ndi njira imene akuti zadzera.

Njira imodzi yeniyeni ndi iyi, ndipo wamajiki aliyense amaizindikira akangoiona. Munthu agula sopo wa K10, apereka K100. Mumuwerengera chenji K90, alandira. Kenaka adzigwira m'thumba: aa, pepani amai, ndili nayo K10 yosintha kale, ndibwezereni K100 yanga ija. Akupatsani K10, akubwezerani chenji chanu chopindapinda, inu mumupatsa K100 yake. Nthawi yomweyo mnzake, amene mukuyesa kasitomala wina, akufunsa mtengo wa shuga ndi mawu okweza. Chenji chija mwachiponya m'chitini osawerenganso, poti mwachiwerenga nokha mphindi yapitayo. Koma K50 yatsala yopindidwa pansi pa kachala kake kakang'ono. Ndi kubisa komweko kwa kobiri, ndi kusokoneza maso komweko, kungoti uyu sauza anthu kuti ndi masewera. Njira zina n'zochititsa manyazi kuposa apa: ngongole zosalembedwa, mwana wosiyidwa pa kantemba amene amakonda mafiriziti, bambo wa m'nyumba wodzatapa "yobwereka" ya kubetcha mpira, ndi kudya mpamba pang'onopang'ono popanda kabuku.

Koma madzulo powerenga, wogulitsa sakumbukira mnyamata waulemu wa sopo uja. Amakumbukira gogo wa maso ofiira ndi utsi wa nkhuni, amene anagula mchere wa K2 nachedwa kuchokapo. Mawa dzina la gogoyo lili pa chitsime, mkuja lili kwa amfumu, ndipo mwana wina akadwala malungo m'mudzimo, nkhani ya K50 ija imasanduka ya maliro. Tisayese kuti izi n'zakutali. Kumayambiriro kwa 2020, mphekesera za anthu othira gasi m'nyumba zitayamba ku Chingola n'kufalikira dziko lonse, ena akuti achiwembuwo amasanduka amphaka, anthu makumi angapo anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya popanda kuzengedwa mlandu. Ku Malawi mu 2017 nkhani ya anamapopa inaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo. Anthu amene anaphunzitsidwa kuti chimene diso silinamvetse ndi mizimu amakhala ngati udzu wa mu Okutobala, kamoto kakang'ono basi. Ndiye wina atiuze kuti choopsa ndi mwana wa makobiri awiri?

Otsutsa achiwiri ali ndi nzeru kuposa oyamba, ndipo tiwayankhe mwaulemu. Akuti: mukaphunzitsa ana kubisa ndalama m'zala ndi kusaka makobiri akunja ofanana ndi athu, simukusula akuba? Mfundo yawo siyopanda pake. Makobiri ofanana anabetsapo anthu ngakhale m'maiko olemera. Euro itayamba kuyenda mu 2002, anthu anapeza kuti 10 baht ya ku Thailand ikufanana ndi 2 euro, naiponya m'makina ogulitsa zakumwa. Ku Japan ena ankaboola pang'ono 500 won ya ku South Korea, ya mtengo wochepa pafupifupi kakhumi, kuti ilemere ngati 500 yen, mpaka boma linasintha kobiri lake mu 2000. Lilangeni imodzi ya ku Swaziland, dziko limene lero ndi Eswatini, inali mapasa ndi paundi ya ku Britain. Koma taonani: palibe mwa akuba amenewa amene anadikira kalasi ya majiki. Wakuba amadziphunzitsa yekha, mphunzitsi wake ndi njala kapena dyera. Amene amatsala osadziwa kanthu ndi wobedwayo. Kubisa nzeru imeneyi kuli ngati kukana kuuza anthu mmene mbala imathyolera loko, poopa kuti mbala ingamve.

Ndipo nthawi yake ndi ino. Pa 31 Malichi 2025 Bank of Zambia inatulutsa ndalama zatsopano: mapepala a K500 ndi K200 anabwera, ndipo K5 ndi K2, zimene tinazizolowera ngati mapepala, zinasanduka makobiri. Kobiri tsopano lili ndi mtengo woti munthu n'kulibera. Tsidya la malire, Malawi nayenso ali ndi kobiri lolembedwa 5 kwacha ndi lina 10 kwacha, pamene K10 ya kumeneko sifika ngakhale pa 50 ngwee yathu. Dzina limodzi, nambala imodzi. Ganizani za agogo ogulitsa nshawa zokazinga pa siteshoni madzulo, magetsi atapita, maso atayamba kuchita nkhungu, wina n'kuwaunjikira makobiri asanu m'dzanja basi ikuliza hutala. Adzawateteza ndani? Chikalata cha Chingelezi chomata pa khoma la ofesi? Ife tikuti adzawateteza mdzukulu amene wakhala miyezi itatu akusanjikiza makobiri, amene chala chake chimasiyanitsa metical ndi ngwee mumdima.

Chimodzimodzi ndi ochulukitsa ndalama, aja amamata mapepala pa mitengo ya magetsi ku Chipata ndi ku Lusaka: dokotala wochokera kutali, chikwama chamatsenga, mphete ya chuma. Kuno amatikumbukira nyengo yogulitsa soya ndi fodya, pamene mlimi ali ndi ndalama m'thumba kamodzi pa chaka. Chionetsero chawo n'chimodzi. Uika K20 m'kabokosi, atseka, aimba kanyimbo, atsegula, muli ma K20 awiri. Tenga, ndi zako. Mawa ubweretse zonse za fodya. Kabokosi ka pansi pawiri ndi chida chakale kwambiri cha majiki, kalipentala aliyense wa pa msika akhoza kukakhoma ndi zidutswa za pulanga. Munthu amene anaonapo kabokosi kotere katatsegulidwa, n'kulowetsa chala chake m'kachipinda kobisika, sangaperekenso ndalama za fodya. Maulaliki khumi otsutsa kukonda chuma sangachite chimene kabokosi kamodzi kotsegula kangachite, chifukwa mlimi uja ulaliki anaumva, ndipo anavomera ameni. Chimene chinamutengera kwa dokotala wabodzayo n'chakuti anaona ndi maso ake K20 ikubala.

Inu a ku Lusaka ndi a ku Chipata amene mukuseka pano kuti a kumudzi ndi ogona, dikirani. Ndani amayankha uthenga uja wa pa foni woti ndalama ija mutumize pa nambala iyi? Ndani amalowa timagulu ta pa WhatsApp tolonjeza kuti K500 ibala K5,000 pa sabata, ataona zithunzi za mauthenga a mobile money a anthu amene akuti alandira kale? Chithunzi chimenecho ndi K20 yachiwiri ija ya m'kabokosi, yangosamukira m'foni. Ndani amaimirira pa siteshoni kuonerera makhadi atatu, naona munthu wina akuwina kawiri, osadziwa kuti wowinayo adya nsima mbale imodzi ndi mwini masewera usiku womwewo? Satifiketi simuteteza munthu ku zimenezi, alipo a madigiri amene analira pa polisi. Chimene chimateteza ndi kudziwa m'thupi mwako kuti maso ako akhoza kunamizidwa ndi munthu wa manja awiri ngati ako. Njira yotchipa yophunzirira zimenezi ndi kunamizidwa ndi kobiri la 50 ngwee, kenaka n'kuonetsedwa mmene zachitikira.

Apa m'pamene tikusiyana ndi achinyamata ena amajiki. Kunja kuli lamulo lawo lakuti wamajiki saulula chinsinsi. Ku Las Vegas lamulolo lili bwino, chifukwa amene wagula tikiti amadziwa kale kuti akukaonera luso la manja. Kuno, kumene oonerera ambiri akhoza kupita kunyumba akukhulupirira kuti uli ndi chizimba m'thumba, kubisa zonse ndi kuthira palafini pamoto. Sitikunena kuti muulule chilichonse. Ife Achewa sitifunika kuphunzitsidwa ndi munthu kusunga pakamwa, ndipo za ku dambwe si zimene tikukamba pano. Koma pa chionetsero chilichonse nenani poyamba kuti izi ndi zala chabe, ndipo pomaliza muulule chimodzi, pang'onopang'ono, mpaka gogo wa kumbuyo anene kuti waona. Aja mumavala mikanda ndi kudzola ufa kumaso pa TikTok, kudzitcha a mphamvu za ku Mozambique kuti okutsatirani achuluke, mukuipitsa luso ndipo mukuseweretsa ndende. Lamulo la Witchcraft Act, Chaputala 90 cha malamulo a Zambia, la mu 1914, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, limaletsanso kudzionetsa ngati wodziwa ufiti. Ena amayesa linapita ndi atsamunda. Mu Sepitembala 2025 khoti ku Lusaka linagamula amuna awiri, wina wa kuno wina wa ku Mozambique, kukhala m'ndende zaka 2 pa mlandu wofuna kulodza Pulezidenti Hakainde Hichilema. Za ubwino kapena kuipa kwa lamulolo tidzakangana tsiku lina, lero dziwani chabe kuti lili ndi mano. Chimene chimatiwawa n'chakuti mbali yake yoteteza wonamiziridwa, imene gogo wa mchere uja akanafuna, ndi imene siimveka m'midzi.

Zoti majiki angaphunzitsidwe ngati phunziro lina lililonse si maloto. Ku Cape Town kuli College of Magic, imene David Gore anayambitsa mu 1980, ndipo ana ochokera m'makomboni monga Khayelitsha amapita kumeneko kukaphunzira makobiri, makhadi ndi kuima pamaso pa anthu osanjenjemera. Ife sitikupempha koleji, sitikupemphanso ndalama za CDF. M'masukulu athu muli kale makalabu a JETS, a ana okonda sayansi. Aliponso magulu a zisudzo amene amayenda m'midzi kuphunzitsa za malungo ndi maukwati a ana. Aphunzitsi aakulu atsegule chitseko chabe, mphindi 20 za kalabu zikhale za makobiri ndi maginito. Abusa ndi akulu a mpingo amene amalalikira motsutsa asing'anga onyenga akanayenera kukhala oyamba kuitana mwana wa makobiri kutsogolo, pakuti akuwagwirira nchito yawo. Mafumu athu, a Zingalume, a Mlolo ndi a Mwangala, amene milandu ya kutchulana ufiti imatha kufika pa mabwalo awo, angapumeko ngati anthu awo ataona kamodzi kobiri likusowa ndi kupezekanso, aliyense n'kupita kwawo ali moyo.

Kwa amene muyambe sabata ino, pali zinthu zochepa zimene sitikambirana. Makobiri akunja akhale m'kathumba kawokawo, asasakanizike ndi chenji. Tsiku limene mudzapereke 2 meticais kwa wogulitsa tomato ngati K1, mwaleka kukhala wamajiki, ndinu mbala wamba, ndipo Penal Code ikukudziwani. Musaboole, musapale kapena kumata ndalama imene ikali kugwira nchito, zoyeserera zotere chitirani makobiri akale amene anatha mphamvu. Musabwereke kwa woonerera ndalama imene simungathe kubweza ikagwera m'ngalande. Yambani ndi aakulu, 20 ngwee yakale ndi 20 tambala, chifukwa kobiri lalikulu limagwirika bwino m'chikhatho ndipo a kumbuyo amaliona. Ang'onoang'ono a 2013 amafuna zala zozolowera. Yesererani pa galasi, kenaka pa kamera ya foni, kenaka pa mng'ono wanu wa zaka 6, amene sachita manyazi kukuwa kuti waliona. Ana ndi ovuta kuwanamiza kuposa akulu, chifukwa samvera nkhani yanu, amangoyang'ana dzanja lomwelo limene mukufuna kuti aliiwale. Akakugwirani katatu, bwererani pa galasi.